Buku la maadiresi la Thunderbird: labwino ndithu, koma simungakakamize munthu kulemba nambala ya foni

Mu Thunderbird, pulogalamu ya imelo ya pa kompyuta, mulibe poti mungachonge kuti bokosi la nambala ya foni, la imelo kapena la dzina la kampani likhale lokakamiza, loti munthu asathe kuseva khadi la kasitomala asanalembemo kanthu. Ndinasakasaka mu Settings monse, ndinalowa mpaka mu Config Editor kumene kumakhala zinthu zobisika zija, mulibemo. Nde ngati abwana anu akuuzani kuti pezani pulogalamu ya imelo yoti aliyense wolowetsa kasitomala watsopano azikakamizika kulemba foni, dziwiranitu kuti iyiyi payokha siichita zimenezo. Komabe ine ndimaigwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku ndipo zoisiya sindikuziganiza nkomwe, nde mundilole ndifotokoze bwinobwino chifukwa nkhaniyi ili ndi mbali ziwiri ndipo mbali inayo anthu ambiri saiona.

Ife ntchito yathu ndi yogulitsa steshonale ndi kusindikiza zinthu, makasitomala athu ambiri ndi masukulu, mipingo ndi timabungwe tating'onoting'ono, ndipo mu ofesi tilimo angapo amene timatumiza makotesheni ndi ma invoisi pa imelo. Aliyense amene anachitapo bizinesi kuno kwathu akudziwa kuti imelo imatumizidwa kuti pakhale umboni basi, koma ndalama imabwera ukaimba foni kapena ukalemba pa WhatsApp. Utha kutumiza invoisi Lolemba, kufika Lachisanu zii, uyenera uimbire a bursar kapena a akaunti uwakumbutse mwaulemu. Nde pamenepo ndi pamene umatsegula buku la maadiresi nkupeza khadi lolembedwa kuti Accounts, imelo ilipo, foni palibe, dzina la munthu palibe, sukulu yake iti osadziwika, ndipo makhadi olembedwa Accounts alimo asanu. Zili ngati buku la ngongole la pa golosale loti mwangolembedwa kuti bambo aja anatenga shuga. Amene analowetsa khadilo sanalakwe dala ayi, anali pa changu, kasitomala ali chiimire pa kauntala, anati ndidzamaliza kenako, ndipo kenako kumeneko sikufika.

Ndiyambe ndi zabwino zake chifukwa nzambiri. Thunderbird ndi yaulere, mulibe zotsatsa malonda, imayenda pa Windows, pa Linux ndi pa Mac, ndipo ndi yakalekale, vesheni 1.0 inatuluka mu December 2004 kuchokera ku Mozilla, anthu omwe aja a Firefox. Kuyambira 2020 ikuyendetsedwa ndi MZLA Technologies Corporation, kampani ya pansi pa Mozilla Foundation, ndipo ndalama zoyendetsera zimachokera kwambiri kwa ogwiritsa ntchito amene amapereka mwa kufuna kwawo. Chimene ine ndimachikondera kwambiri nchoti bukulo limakhala pa kompyuta pako pomwepo, netiweki ikavuta kapena bandulo ikatha umatsegulabe nkupeza nambala ya munthu, sizidalira intaneti. Kwa ife zimenezi sizocheza.

Bukulo lasintha kwambiri m'zaka zapitazi. Kale linkasungidwa mu fayilo ya mtundu wakale yothera ndi .mab, kenako mu vesheni 78 ya 2020 analisamutsira ku mtundu wina wa fayilo wotchedwa SQLite, nde mukayang'ana mu foda ya profile mupeza abook.sqlite ndi history.sqlite, amenewo ndiye mabuku anu awiri ndipo ndi amene muyenera kumawakopera pa fulashi. Vesheni 91 ya 2021 inabweretsa CardDAV, njira yoti buku limodzi likhale pa seva nkumaoneka pa makompyuta angapo ndi pa mafoni, kenako vesheni 102 ya 2022 inamanganso bukulo mwatsopano pa maziko a vCard, muyezo wa kalembedwe ka makhadi a makontakiti. Kuyambira pamenepo khadi limodzi litha kukhala ndi manambala ambirimbiri, maimelo angapo, maadiresi angapo, chithunzi, udindo wa munthu, zonse. Kwa ife amene pafupifupi kasitomala aliyense ali ndi layini ya Airtel ndi ya TNM, ena kuphatikiza ya pansi ya ku ofesi yoyamba ndi 01, zimenezi zinathandiza kwabasi. Kusaka nako nkwachangu, ungolemba zilembo zitatu za dzina munthu watulukira.

Tsono vuto lija. Mukangoika Thunderbird mumapeza mabuku awiri, Personal Address Book ndi Collected Addresses. Lachiwirili ndi limene limabweretsa makhadi ambiri osakwanira, chifukwa pulogalamuyi imatola yokha adiresi ya aliyense amene mwamutumizira imelo nkuiponya mmenemo, popanda foni, popanda kampani, pena popanda ngakhale dzina, imelo yokhayokha. Cholinga chake nchabwino, kuti mawa mukayamba kulemba adiresi ija izitulukira yokha, koma zotsatira zake nzoti munthu wa mu ofesi amaona dzina likutulukira pa bokosi la To nkuganiza kuti kasitomala ameneyu alimo kale m'buku, palibenso chifukwa chomulembera khadi. Alimodi, koma theka. Njira inanso ndi kachizindikiro kamene kamakhala pambali pa dzina la wotumiza pamwamba pa imelo, ukangodina kamodzi munthu walowa m'buku ndi dzina ndi imelo basi, palibe chokufunsa kuti nanga foni yake bwanji. Nzachangu, nzokoma kwa munthu amene buku ndi lake yekha, koma mu ofesi ya anthu angapo ndi mmene buku limadzadzira ndi makhadi a theka.

Kutola kokha kuja mutha kukuzimitsa, lowani mu Settings, Composition, pa gawo la Addressing, pali poti Automatically add outgoing e-mail addresses, chotsani chongi pamenepo. Ife tinazimitsa pa makompyuta onse ndipo ndikulangizani muchite chimodzimodzi ngati buku lanu ndi logawana. Poyamba anzanga anadandaula kuti maadiresi atsopano sakutulukiranso okha, koma kudandaula komweko ndi kumene kunawapangitsa kuti azilemba khadi lenileni.

Mavesheni akale anali ndi kalamulo kamodzi kokha kamene ndikukakumbukira bwino, ukafuna kuseva khadi lopanda kanthu inkakana nkukuuza kuti ulembeko chimodzi mwa izi: imelo, dzina loyamba, dzina la bambo, dzina loonekera kapena bungwe. Chimodzi chokha. Ndiye kuti khadi lolembedwa dzina loyamba lokha linkadutsa bwinobwino, ndipo foni sinali nawo pa mndandandawo nkomwe. Mtima umenewo sunasinthe, pulogalamuyi imakhulupirira kuti mwini buku akudziwa chimene akufuna.

Nditawerengako za mmene zinthuzi zimagwirira ntchito ndinamvetsa chifukwa chake, ndipo sikuti ndi ulesi wa okonza ayi. Makhadiwa amatsatira muyezo wa vCard, umene mafoni, Google, Apple ndi ena onse amagwiritsa ntchito posinthana makontakiti. Mu vCard 4.0, imene inalembedwa mu chikalata cha RFC 6350 mu 2011, zokakamiza pa khadi ndi nambala ya vesheni ndi dzina loonekera basi, limene iwo amalitcha FN. Foni, imelo, adiresi, bungwe, zonsezo nzakufuna kwako. Nde taganizirani, buku lanu lili pa seva ya CardDAV, mnzanu walowetsa kasitomala kuchokera pa foni yake ali ku msika, khadi lafika pa seva lopanda imelo, kenako latsikira mu Thunderbird. Pulogalamuyo itani nalo? Ilikane? Ilifufute? Lamulo loikidwa pa kompyuta imodzi silingagwire makhadi olowera mbali zina, ndipo masiku ano makhadi ambiri amalowera pa foni. Ngakhale Thunderbird ya pa Android imene inatuluka mu October 2024, yochokera ku pulogalamu ina ya imelo yotchedwa K-9 Mail, imagwiritsa ntchito makontakiti a mu foni momwemo, nde khomo lolowera silimodzi.

Ena amati bwanji osangosamukira ku Outlook, pulogalamu ya imelo ya Microsoft. Zoona, Outlook yakale ija ya pa desktop, imene tsopano akuitcha classic, imalola kukonza fomu yakoyako ya kontakiti, umalowa pa Developer, Design a Form, nde pa bokosi lililonse pali gawo la Validation pamene umachonga kuti bokosili lisasiyidwe lopanda kanthu, ndipo utha kulemba ndi uthenga woti uzituluka munthu akaiwala. Zimagwiradi ntchito. Koma zimafuna munthu wodziwa kuti aikonze nkuiika pa foda yoyenera, zimafuna laisensi yolipira, lamulolo limagwira okhawo amene atsegula fomu imeneyo pa kompyuta, wolowetsa pa foni salimva, ndiponso Outlook yatsopano ya pa Windows siithandiza mafomu oterewa. Kwa kaofesi ngati kathu kulipira madola mwezi ndi mwezi chifukwa cha bokosi limodzi sindinaone kuti nzanzeru. Google Contacts nayo ilibe zokakamiza, ili ndi ubwino wina woti imakupezera makhadi obwereza nkuwaphatikiza kudzera pa Merge and fix, chinthu chimene ndimachilakalaka mu Thunderbird. Amene amafuna zimenezo mu Thunderbird amaika CardBook, kapulogalamu koonjezera kamene kali ndi zambiri kuphatikizapo kusaka obwereza, ndi kabwino koma kamafuna kukaphunzira, ndipo anzanga ena anaona kuti mabatani achuluka.

Kumene kukakamiza kulipo kwenikweni ndi ku LDAP, kaundula wa pa seva amene mabungwe akuluakulu ndi mayunivesite amagwiritsa ntchito. Kumeneko seva yokha imakana cholembedwa chosakwanira, munthu aliyense ayenera kukhala ndi cn ndi sn, kutanthauza dzina lonse ndi dzina la bambo, ndipo woyang'anira atha kuonjezera zina zokakamiza. Thunderbird imatha kulumikizana ndi LDAP nkumasakamo, koma kuwerenga kokha, kulembamo ayi. Poyamba ndinaona ngati nchoperewera koma mmenemo ndi mmene munali yankho lathu: olemba akhale ochepa, owerenga akhale onse.

Apa ndinene maganizo anga enieni pa nkhani yokakamizayi, chifukwa abwana ambiri amaganiza kuti akangokakamiza mabokosi onse buku likhala loyera. Silikhala loyera. Tinayesapo pa fomu ina yolembetsera makasitomala, mabokosi onse okakamiza, ndipo zimene zinatuluka zinali zoipa kuposa mabokosi opanda kanthu. Munthu ali pa changu, fomu ikukana kudutsa, amangolemba 999999999 pa foni, pa imelo amalemba imelo ya ofesi yathu yomwe kapena kupeka yabodza, pa adiresi amaika kadontho. Bokosi lopanda kanthu umaliona nkudziwa kuti apa pakufunika kufunsa, koma nambala yabodza imaoneka ngati yeniyeni mpaka tsiku limene ukuifuna. Ndipo imelo yopeka nayo ndi yoopsa chifukwa itha kukhala ya munthu weniweni kwinakwake, invoisi ya kasitomala wanu nkupita kwa mlendo.

Komanso kuno kwathu si aliyense ali ndi zonse. A hedi a sukulu ya pulayimale ya kumudzi ali ndi foni, WhatsApp ali nayo, imelo alibe kapena anatsegula kalekale pasiwedi anaiwala. Abusa ena chimodzimodzi. Kumbali inayi kuli bungwe la kunja limene timangolemberana nalo pa imelo, foni sitinaimbiranepo ndipo sitidzaimbirana. Adiresi nayo ndi nkhani ina, fomu yachingerezi imafuna Street, City, State, ZIP, pamene kasitomala wathu ali ndi P.O. Box kapena Private Bag, ndipo poti tikasiye katundu malongosoledwe ake ndi oti mukadutsa pa chigayo mukhote kumanja. Mukakakamiza bokosi la msewu kwa munthu ameneyu mwangokakamiza bodza. Nde mmene Thunderbird imasiyira zonse momasuka, pa mbali imeneyi ikutikomera ifeyo kuposa mmene timaganizira, ndipo bokosi la Notes ndi limene timalembamo malongosoledwe a njira aja. Palinso nkhani ya lamulo, kuyambira 2024 dziko lino lili ndi Data Protection Act imene MACRA ikuyang'anira, nde kumatolera tsiku lobadwa ndi adiresi ya kunyumba ya kasitomala pamene ukungomugulitsa mapepala sizofunika nkomwe, tola zimene ntchito ikufuna basi.

Lamulo limene ine ndimalifuna si loti bokosi ili ndi ili ndi ili adzaze onse. Ndi loti pakhale dzina la munthu, dzina la sukulu kapena bungwe, ndi njira imodzi yomupezera, foni kapena imelo, chimodzi mwa ziwirizo. Ndipo pulogalamu isakane kuseva, ingochenjeza kuti khadili lilibe foni, mukufunadi kuseva chonchi? Chenjezo lokhalo likanagwira anthu ambiri oiwala popanda kuwaphunzitsa kunama. Okonza Thunderbird atati aonjezere chimodzi chokha pa bukuli ndikanapempha chimenechi, pamodzi ndi sefa yoti ndikadina indionetse makhadi onse opanda foni.

Pakadali pano mmene tikuchitira ndi motere. Buku lalikulu la makasitomala lili pa seva ya Nextcloud, pulogalamu yosungira ndi kugawana mafayilo ndi makontakiti, logawidwa kwa onse koma chilolezo chosintha chili ndi anthu awiri okha, ena onse amangowerenga, ndipo limaoneka mu Thunderbird kudzera pa CardDAV. Wina akapeza kasitomala watsopano salemba m'buku, amadzaza kafomu ka Google Forms kamene kali ndi batani la Required pa funso lililonse, ifeyo tinayatsa pa atatu okha, dzina, bungwe ndi funso limodzi loti foni kapena imelo. Ena onse ngosakakamiza. Mmodzi mwa awiri aja amayang'ana zimene zalowa, akaona zokayikitsa amafunsa, kenako amalemba khadi. Zimaoneka ngati njira yaitali koma makasitomala atsopano sabwera mazana pa tsiku, ndi ntchito ya mphindi zochepa, ndipo munthu amagwira zimene makina sangagwire, monga nambala yoperewera dijiti imodzi kapena kasitomala amene alimo kale ndi kalembedwe kena ka dzina. Aliyense akadali ndi Personal Address Book yake mmene amalembamo zimene akufuna mmene akufunira, palibe womuletsa.

Poyeretsa makhadi akale, sinthani maonekedwe a buku kuti likhale ngati tebulo, muonetse danga la manambala a foni, nde opanda foni amaonekeratu. Ngati ndi ambiri bola kulitulutsa bukulo ngati CSV, fayilo ya tebulo, kulikonza mu Excel kapena LibreOffice Calc, nkulibwezanso, Thunderbird imakufunsani kuti danga ili lipite pa bokosi liti. Koma apa chenjerani kwambiri. Excel ikatsegula CSV mwachindunji imaona nambala ya foni ngati nambala yowerengera, nde ziro woyamba uja wa 099 kapena 088 imamuchotsa, ndipo ngati munalemba ndi +265 imachotsa + nkuonetsa zinthu ngati 2.66E+11 chifukwa madijiti akwana 12, mukaseva choncho manambala onse aonongeka ndipo sabwereranso. Muzilowetsa fayilo kudzera pa import nkuuza pulogalamu kuti danga la foni ndi Text. LibreOffice imafunsa yokha potsegula, nchifukwa chake pa ntchito iyi ndimakonda imeneyo. Onetsetsaninso kuti mwasankha UTF-8 pa kasungidwe ka zilembo, kupanda kutero mayina okhala ndi ŵ amatuluka ndi zilembo zachilendo. Ndipo musanayambe zonsezi tulutsani kaye buku lonse ngati vCard nkulisunga padera, CSV siinyamula zonse za pa khadi.

Manambala tinagwirizana kuti onse azilembedwa kuyambira +265, opanda ziro wa kutsogolo, opanda mipata. Thunderbird siikukakamizani kalembedwe, imalandira chilichonse, koma khadi likatsikira pa foni nambala yolembedwa chonchi imaimbika kulikonse, ngakhale mnzathu ali pa ulendo ku Chipata kapena ku Tete, ndipo WhatsApp imaizindikira mosavuta.

Nde ndi yoyenera ndani? Ngati ndinu nokha, kapena banja, kapena kabizinesi ka munthu mmodzi, tengani osaganiza kawiri, kusowa kwa mabokosi okakamiza simudzakumva nkomwe. Ngati ndinu ofesi ya anthu asanu kapena khumi ogawana buku limodzi, tenganibe, koma zimitsani Collected Addresses tsiku loyamba lomwelo, musankhe olemba awiri, kukakamiza mukuike pa fomu yolowera. Ngati muli ndi makasitomala masauzande, ogulitsa ambirimbiri m'maboma, ndipo mukufuna kudziwa kuti analowetsa ndani, liti, anasintha chani, pamenepo buku la maadiresi la pulogalamu ya imelo iliyonse lakuchepelani, mukufunika CRM, pulogalamu yapadera yosungira zambiri za makasitomala, mmenemo mabokosi okakamiza amakhalamo kale, Thunderbird itsale ya imelo yokha. Ine ndikuipatsa 4 pa 5, imodzi yatsalayo ndi ya chenjezo lija ndi kusaka makhadi obwereza.